Manda Pansi pa Kapinga

"Bedi ili linachokera ku Mangalande zaka mazana awiri zapitazo. Chonde musaligwire," anatero Verlyn, mayi woonetsa alendo m'nyumba yakale ya atsamunda.

Alendo anajambula bedilo. Kumbuyo kwawo a Cuthbert Alleyne anatsamira ndodo, chipewa chili m'manja. Anadula nzimbe pa esiteti imeneyi zaka makumi atatu, koma aka kanali koyamba kulowera khomo lakumaso. Mwana wawo Euralene, amene anali pambali pawo, ankati Loweruka awatenga kukakhala nawo ku Canada, ndipo iwo anangopempha chinthu chimodzi: kukatsazika mayi awo kumanda.

"Mwananga, za mabedi tamva," anatero mkuluyo. "Kumanda tipita nthawi yanji?"

"Ali kuseri kwa khondeli, bambo, a miyala yoyera."

"Amenewo ayi. Eni nyumba ngakhale anafa akugonabe pamthunzi. Ndikunena athu, kumunsi kwa chigayo cha nzimbe. Mayi anga a Icilda ndiwo ankachapa nsalu za pabedi mukuletsa kugwirali."

Verlyn anazyolika. Alendo atabalalika, anawatsogolera awiriwo kumunsi.

Kunali kapinga wometedwa bwino ndi tenti yoyera. Amuna ankandandalika mipando ya ukwati. Mtengo wa mango umene a Cuthbert ankauyesa chizindikiro kunalibe.

"Mandawo anawasalaza ndisanayambe ntchito," anatero Verlyn motsitsa mawu.

"Nanga anthuwo anawasamutsira kuti?" anafunsa Euralene.

"Sanawasamutse."

"Mukuti chiyani? Ofesi ili kuti? Ndionane nawo mabwana anuwo!"

"Eni ake amakhala kunja, achemwali. Ine ndine galu wa pakhomo chabe, ndikauwa kwambiri andipirikitsa. Agogo anga nawonso ali pompano. Ndimawaponda m'mawa uliwonse."

Euralene anayang'ana kapinga amene anapondapo.

A Cuthbert anayambira pakhoma la chigayo, kuwerenga mapazi. Atafika pakati pa mipando anaima, nabwerera, n'kuyambanso. Ulendo wachiwiri anathera pena.

"Mwapapeza, ababa?" anafunsa Euralene.

"Miyendo yangayi inafupika. Kaya ndi apa, kaya ndi apo."

"Madala, tapatukani pang'ono, tikuchedwa," anatero bambo wina atasenza mipando.

Iwo anapatuka. Anayang'ana kumanja n'kunena kuti, "Amayi, ndikupita kutali." Anatembenukira kumanzere n'kubwereza mawu omwewo, kenako anauzanso kapinga wa kutsogolo kwawo.

"Pena pake amva," anatero. "Tiye, Euralene. Anthu ali ndi ukwati."