Ophika pa Ukwati wa Triza

Ine Rhoda, mphunzitsi wa pa Nsaru, sindikonda zongoganizira. Nditamva kuti Mayi Zelifa akuvundukula chiliza cha malemu amuna awo Loweruka lomwelo la ukwati wa mwana wanga Triza, mtima unathamangira kwa amayi ophika. Kuno munthu ukamupempha sakana. Amati "tibwera" kwa iwe, "tibwera" kwa mnzako, tsikulo akapita kumene phazi lamutengera. Ndiye azibale a mkwati adzachoke ku Namitete pa minibasi ziwiri n'kupeza mpunga uli m'thumba? Manyazi amenewo ayi.

Ndinapempha Mayi Zelifa anditumizire pa foni mndandanda wa ophika awo. Wanga ndinali nawo kale, amayi makumi awiri, maina ndinachita kukopera m'buku la Mvano. Pa laputopu ya kusukulu pali pulogalamu yomwe timafananitsira mindandanda ya ana olemba mayeso. Umaika mafayilo awiri, iyo n'kuonetsa maina amene ali konsekonse. Wa Mayi Zelifa sindinauwerenge n'komwe. Ndiwerengerenji makina alipo?

Pulogalamu inati palibe dzina lofanana ngakhale limodzi. Ndinavina ndekha mu ofesi, ndipo sabata yonse ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Lolemba Mayi Zelifa anabwera kudzabwereka madengu. Ndinawatsegulira laputopu pakhonde mwamatama.

"Onani, mayi, sitikulimbirana munthu."

Anayang'ana mndandanda wanga nthawi yaitali.

"Kodi Yunisi Kachere uyu si Make Innocent?"

"Ndi yemweyo."

"Kwanga ali poyamba penipeni. Nanga Febe Chimbalu? Ndiye Nankhoma wa kuchigayo, eti?"

Ine ndinalemba maina a ubatizo, iwo analemba momwe timaitanirana pa mjigo. Makina akanadziwa bwanji kuti Caroline ndi Make Prince? Tinayamba kutsika mzere ndi mzere, iwo ndi chala, ine ndi cholembera. Mwa amayi anga makumi awiri, khumi ndi asanu ndi awiri anali atalonjezanso kwa iwo.

Ndinapsa mtima, ndisaname.

"Anthu achinyengo! Timapemphera nawo limodzi anthu amenewa. Kukana kukuvuta chiyani? Pakamwa si pawo?"

Mayi Zelifa anangotsitsa chala mpaka pansi pa mndandanda wawo.

"Nanga uyu mukumudziwa?"

Panalembedwa kuti Make Triza.

Ndinakumbukira. Mwezi wa Meyi, tikutuluka m'tchalitchi, anandigwira dzanja n'kundiuza za chiliza, tsiku ndi mwezi womwe. Ine ndinati, "Musadandaule, mayi, tibwera." Patapita masabata awiri ndinakhala pansi ndi ankhoswe n'kusankha Loweruka lomwelo, osakumbuka kanthu.

Ndinatseka laputopu pang'onopang'ono.

"Chiliza ndisuntha," anatero akutola madengu awo. "Amuna anga a Rabson agona opanda mwala zaka zitatu, sabata imodzi sadandaula. Triza ndinamubereka kumbuyo kwangaku ali khanda, sindingamulande ophika."

Ndinayamba kuthokoza, misozi ili pafupi. Anandidula.

"Dzina lanu lokha sindifufuta. Loweruka linalo ndikupatsani mphika waukulu uja wa nyemba. Mubwera?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti tibwera, koma ndinachita manyazi nawo mawuwo. Ndinangofunsa kuti moto tikoleza nthawi yanji.