Makosi Asanu ndi Awiri a Winfrida

Winfrida Chisale anali asanalepherepo mayeso chibadwire. Ku pulayimale ankakhala woyamba kapena wachiwiri. Ku sekondale, m'tauni mwawo mwa Kafue, aphunzitsi ankamupatsa choko kuti akawasonyeze anzake masamu pa bolodi. Choncho atasankhidwa kupita ku koleji ina ya ku Lusaka kukaphunzira zoyeza magazi m'labu, palibe amene anadabwa. Bambo ake, ba Chisale, omwe anapuma ntchito ya njanji ndipo tsopano anali mkulu wa mpingo, analengeza okha nkhaniyo m'tchalitchi.

Koma chaka choyamba chinamutembenukira. Kemisitiri ya ku koleji sinali ija ya ku sekondale. Mayeso oyamba anawalakwa kwambiri, ndipo m'malo mofunsa anachita manyazi, poti iye anazolowera kufunsidwa, osati kufunsa. Anayamba kukhala mpando wakumbuyo. Kenako anayamba kujomba, n'kumangodzitsekera m'kachipinda kake ka lendi ku Lusaka, kumene kunalibe womuona. Pakutha pa chaka analephera makosi awiri, kemisitiri ndi masamu. Enawo anangowapulumuka.

Koleji inamulola kulowa chaka chachiwiri, koma atasenza awiri olepherawo pamwamba pa asanu atsopano.

Ba Chisale sanakalipe. Anamuitana pakhonde, n'kumulankhula m'Chichewa cha makolo awo a ku Ntcheu, chimene ankachigwiritsa ntchito nkhani ikakhala yaikulu.

“Za chipinda cha ku Lusaka zatha. Uzigona pano, uzikwera minibasi m'mawa ngati anzako. Ndipo makosiwo uwatenge onse asanu ndi awiri. Sindifuna kumva zoti chaka chawonjezeka.”

“Nizayesa, ba Dadi.”

“Sindinati uyese. Mng'ono wako akubwera pambuyo pako. Akaponda pati ngati iwe wakhala pansi?”

Mng'ono wakeyo anali Cindy, amene chaka chomwecho anali atasankhidwa ku koleji yomweyo, maphunziro omwewo. Apa ndi pamene panali munga. Makosi awiri obwereza aja Winfrida anayenera kuwaphunzira m'kalasi ya chaka choyamba, kalasi ya Cindy.

Ankanyamuka limodzi kukali kachisisira, n'kukaima pa siteji pafupi ndi msika, makondakitala akukanganirana anthu. Cindy ankagona minibasi isanafike ndi pa Shimabala pomwe, mutu utatsamira pa phewa la mkulu wake. Winfrida ankatsegula buku pamaondo. Ankawerenga mpaka zilembo zitayamba kuvina ndiponso mseru utamugwira, n'kutseka maso pang'ono, n'kuyambanso. Madzulo zinali chimodzimodzi, kungoti anthu amakhala othithikana kwambiri ndipo buku limasowa poliika. Akafika kunyumba magetsi nthawi zambiri amakhala atazima. Kwaya anasiya. Anzake a Loweruka anasiya kumuimbira foni, poti yankho linali limodzi lokhalokha.

M'kalasi ya kemisitiri Cindy ankakhala kutsogolo, dzanja lili m'mwamba. Winfrida ankakhala pafupi ndi chitseko, kumbali ina chifukwa cha manyazi, kumbali ina chifukwa Lachitatu lililonse kemisitiri inkatha ntchito ya m'labu ya chaka chachiwiri itayamba kale ku nyumba ina. Ankatuluka mothamanga, akuvala chovala choyera cha m'labu ali m'njira, n'kukalowa ali wefuwefu anzake atamva kale malangizo.

Tsiku lina mphunzitsi wa kemisitiri anabweza mayeso a pakati pa temu, akuitana maina mmodzimmodzi.

“Chisale Cindy. Wachita bwino kwambiri, palibe wakuposa.” Kalasi inaomba m'manja. “Chisale Winfrida.” Anayang'ana pepalalo, n'kumuyang'ana iye. “Mwakhoza, koma pang'ono chabe. Ndinu apachibale? Muzimufunsako mnzanuyu.”

Mnyamata wina anaseka. Sikunali kuseka kwakukulu, koma Winfrida anakumva mpaka m'mafupa. Anali atawerengera mayeso amenewo kuposa ena onse.

Madzulo ake, m'minibasi, Cindy anayesa kuyambitsa nkhani.

“Ba sisi, ija nambala yomaliza si yovuta. Ningakuonetseni tikafika.”

“Nakupempha?”

“Iyayi, nenze chabe...”

“Ndiye khala zii.”

Kuyambira tsiku limenelo Winfrida anayamba kukhala mpando wina. Cindy akakwera kutsogolo, iye amapita kumbuyo. Mayi awo anaona kuti atsikanawo akulowa pageti motsatana ngati anthu osadziwana, koma atafunsa, onse awiri anati palibe kanthu. Anaonanso kuti siketi ya Winfrida yayamba kumuzungulira m'chiuno, ndipo nshima ankangoitsina kawiri katatu n'kusamba m'manja.

Chimene chinasintha zinthu chinachitika Lachitatu lina m'nyengo yotentha, mvula isanayambe. Winfrida analowa m'labu mochedwa monga mwa masiku onse. Wowaphunzitsa anali ba Mudenda, mayi wamfupi wosaseka wamba, amene anagwirapo ntchito zaka zambiri m'zipatala asanayambe kuphunzitsa. Tsikulo aliyense anapatsidwa timabotolo tiwiri ta magazi, ta odwala awiri ongoyerekeza, kuti apeze gulu la magazi a aliyense n'kulemba zotsatira.

Winfrida anagwira ntchitoyo bwinobwino. Madontho anawaika moyenera, anadikira, anaona magazi akugwirana pomwe amayenera kugwirana. Koma maso ankamulemera, ndipo m'mutu munkazungulirabe masamu amene anali kukalemba mawa lake. Analemba zotsatira n'kukapereka.

Ba Mudenda anayang'ana, n'kupita pa tebulo lake, n'kunyamula timabotolo tija.

“Chisale, aka ni ka ndani?”

“Ka wodwala woyamba, madamu.”

“Werengani.”

Winfrida anawerenga. Kanali ka wachiwiri. Anali atasinthanitsa. Zonse anazichita molondola, koma yankho la munthu uyu analipereka kwa uyo.

Ba Mudenda sanakweze mawu.

“Kukanakhala ku chipatala, uyu muzimai mukanamupasa magazi yolakwika. Sembe manje tili kuitana abale bake.” Anamuyang'ana m'maso, kenako m'manja. “Vulani magulovu. Lelo simugwiranso chinthu muno. Mukabwere ku ofesi yanga mukapumula.”

Winfrida sanadikire Cindy. Anakwera minibasi ya masana, yopanda anthu ambiri, nakhala pa windo. Minda ya ku Shimabala inali youma, kupatula timadimba ta repu tothiriridwa. Sanalire. Ankangoona mayi uja amene kunalibe, atagona pa bedi la chipatala, thumba la magazi likudontha pamwamba pake. Kulephera mayeso kunali kwa iye yekha. Ichi chinali china.

Mawa lake, atalemba masamu, anapita ku ofesi ya ba Mudenda. Ankayembekeza kukalipiridwa, koma mayiwo anangomufunsa kuti ali ndi makosi angati, amagona kuti, amanyamuka nthawi yanji. Atamva anapukusa mutu.

“Malamulo yamakulolani kutenga yonse. Koma malamulo siyakwera minibasi. Mungasiye kosi yanga iyi, muzaitenge chaka chamawa. Nthawi yosiya ikalipo. Mukapitiliza so, muzagwa mu makosi yatatu kapena yanayi, ndipo apo koleji izakuchosani.”

“Nikasiya, nizasiliza liti?”

“Chaka chimozi pambuyo pa anzanu.”

Winfrida anadziwa tanthauzo lake. Adzamaliza limodzi ndi Cindy.

Loweruka anawapeza bambo ake kuseri kwa nyumba akumanga waya wa khola la nkhuku. Anagwada chapatali pang'ono, n'kuwafotokozera zonse, za timabotolo ndi za mawu a ba Mudenda. Iwo anapitiriza kupotokola waya ndi pulayala mpaka iye atamaliza.

“Ndiye ukufuna kusiya.”

“Imozi chabe, ba Dadi. Kuti zinazo nikwanise.”

“Walakwitsa kamodzi, basi wathawa? Ife ku njanji tinkagwira usana ndi usiku, tulo tili nato m'maso, koma sitima sitinaisiye pa njira.”

“Koma mukanagona pa ntchito, anthu sembe anafa. Na ine ni chimozimozi.”

Ba Chisale anaika pulayala pansi. Winfrida anali asanawayankhepo chotero.

“Anthu ku tchalitchi amandifunsa. Ndiwauze chiyani? Kuti wamkulu wadikira wamng'ono?”

“Muwauze zoona.”

“Ine sindikuvomera. Ukachita, wachita wekha.”

Analowa m'nyumba, khola lili chosatseka. Winfrida anatsala chogwada, nkhuku zikutuluka imodziimodzi kumudutsa. Atadzuka anaona Cindy ataima pa chingwe choyanikira zovala, malaya onyowa ali m'manja. Anali atamva zonse. Anangoyamba kuthamangitsa nkhuku kuzibwezera m'khola, ndipo Winfrida anamuthandiza.

Lolemba anakasiya kosi ija. Potuluka mu ofesi sanamve kupepuka kumene ankayembekeza. Anamva ngati wadula chala chake kuti dzanja lipulumuke. Anzake a chaka chachiwiri ankalowa m'labu Lachitatu atavala zoyera, iye n'kumawadutsa kupita ku laibulale.

Kunyumba bambo ake anasiya kumulankhula. Sanamuthamangitse, sanamunyoze, koma akafuna madzi osamba ankatuma Cindy, ngakhale Winfrida ali pomwepo. Pa mapemphero a banja ankatchula ana onse maina, akafika pa iye n'kungoti, “ndi ena onse a m'nyumba muno.” Mayi ake ankamuuza kuti apirire, mtima wa bambo ake umachedwa kutembenuka. Lamlungu lina mayi wina wa mumpingo anamugwira dzanja panja pa tchalitchi n'kumufunsa mokweza kuti phwando la kumaliza sukulu lidzakhala liti. Ba Chisale, amene anali pafupi, anatembenuka n'kuyamba kulankhula ndi munthu wina.

Kufunsa Cindy kunamutengera nthawi. Anachita m'mawa wina mvula ikuwaza, minibasi itaima pa mzere wautali wa magalimoto polowa mu Lusaka. Anadzuka pampando wake wakumbuyo munthu wina atatsika, n'kukakhala pambali pa mng'ono wake. Anatsegula buku la kemisitiri n'kuloza ndi chala, osamuyang'ana kumaso.

“Apa. Sinimvela. Kuchokela chaka chatha sinimvela.”

Cindy anayang'ana. Anatulutsa cholembera.

“Na ine penze ponivuta. Onani, musayambe na iyi nambala. Yambani na iyi.”

Anafotokoza kamodzi, Winfrida sanamve. Anafotokozanso mwa njira ina. Pachitatu Winfrida anamulanda cholembera n'kumaliza yekha. Inali nkhani yaing'ono, yoti akanaifunsa chaka chatha ikanatha tsiku lomwelo. Zimenezi zinamupweteka kuposa mmene zinamusangalatsira.

Sikuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda. Masiku ena ankakangana, Cindy akathamangitsa kufotokoza kapena akanena kuti “ni yosavuta.” Makosi asanu ndi imodzi anali ambiribe. Sabata ya mayeso Winfrida anadwala mutu masiku angapo, ndipo pepala lina analilemba akuona ngati alephera ndithu. Koma tsopano akapanda kumva ankafunsa, kwa Cindy, kwa aphunzitsi, ngakhale kwa mnyamata uja anamuseka, amene anapezeka kuti masamu amawadziwa.

Zotsatira zinatuluka pa foni Lachisanu lina masana. Anakhoza onse asanu ndi imodzi. Masamu anakhoza bwino. Kemisitiri anakhoza pakatikati, kutali ndi Cindy, amene anali pamwamba pa kalasi yonse. Kosi ina ya chaka chachiwiri anangoidutsa ndi pang'ono.

Anawapeza bambo ake pakhonde akumvera wailesi. Anagwada n'kuwapatsa foni. Iwo anavala magalasi, nawerenga pang'onopang'ono kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba.

“Nanga ija unasiya?”

“Chaka chamawa, ba Dadi.”

Anamubwezera foni. Kenako anakweza wailesi pang'ono. Winfrida anadikira, kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba. Chaka chowonjezera chija chinali chikadalipo, anzake adzavala mikanjo iye akuonerera, ndipo sankadziwa ngati bambo ake adzamukhululukire n'komwe. Anakhala pa bedi osavula nsapato, kutopa kwa miyezi yonse ija kukumutsikira m'mapewa.

Loweruka linali tsiku lake lochapa. Dzuwa linakwera, iye ali m'tulo. Mayi ake anatenga ndowa n'kulunjika ku chitseko cha chipinda cha atsikana kuti akamudzutse. Ba Chisale, amene ankapukuta nsapato zawo za ku tchalitchi pa mpando, analankhula osadzutsa mutu.

“Musiyeni Winfrida agone. Zovalazo zidikira.”

Cindy ndiye anadzamuuza mawu amenewa madzulo ake, ali kumpopi. Winfrida anamufunsa kawiri ngati anatchuladi dzina lake. Cindy anati anatchula.