Kabotolo ka Munthu Wabwinobwino

Ku labotale ankamutchula kuti Kamphepo, chifukwa atangoyamba ntchito ankakwera masitepe awiriawiri, thireyi ya timabotolo ili m'manja. Koma panali patapita zaka zisanu ndi zinayi. Tsopano linkathamanga ndi dzina lokha. Mwini wake ankaima pakati pa masitepe n'kumanamizira kuwerenga foni mpaka wefuwefu atatha.

Lachiwiri m'mawa adokotala, mayi amene ankatsogolera kafukufuku, anaitanitsa anthu awiri mu ofesi mwawo: Kamphepo ndi Madala, bambo wachikulire amene ankamata manambala pa timabotolo ta magazi. Kafukufukuyo anali wa odwala amene magazi awo amapanikizika m'mitsempha ya m'mapapo mpaka mtima kutopa. Ankayeza timafuta tina timene thupi limapanga pakakhala kutupa, n'kumayerekeza magazi a odwalawo ndi a anthu abwinobwino.

Adokotala anatembenuza kompyuta kuti onse aone. Timadontho ta odwala tinali pamwamba, ta abwinobwino pansi. Koma kamodzi ka abwinobwino kanali katakwera n'kukakhala pakati penipeni pa odwala.

"Nambala 41," anatero adokotala. "Madala, mwasokoneza timabotolo."

Madala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya tayi. Anayankha motsitsa mawu kuti pa zaka makumi atatu sanasokonezepo ngakhale mkodzo. Adokotala sanaseke. Anati ngati kabotolo kamodzi kalakwika ndiye kuti enanso ndi okayikitsa, ntchito ya chaka chonse yalowa m'madzi. Buku la mayina a eni manambalawo silitsegulidwa popanda chilolezo cha akuluakulu, ndipo podikira zimenezo Madala ayambe akhala kunyumba.

Kamphepo anayang'anitsitsa kadonthoko. Nambalayo ankaidziwa. Miyezi inayi m'mbuyomo, anthu abwinobwino odzipereka atachepa, iye anapinda mkono wa malaya n'kupereka magazi ake. Pa fomu panali funso lakuti kodi mumabanika mukamayenda, ndipo iye anachonga kuti ayi. Madala sankaona mayina, ankangolandira manambala.

Anafuna kuulula kuti magaziwo ndi ake. M'maso mwake munabwera mayi ake, atatsamira mapilo atatu, milomo itada, achibale akunena kuti ndi mphumu chabe. Anamwalira ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Kamphepo anali atatsala ndi zisanu kuti afike pomwepo, ndipo mwana wake wamkazi anali asanamalize n'komwe pulayimale.

Anatuluka osaulula. M'chipinda chawo chapansi, Madala anatsuka kapu yawo ya tiyi, n'kuikulunga m'nyuzipepala pamodzi ndi masilipasi amene ankavala pantchito.

"Mwina maso andigulitsa, mwanawe," anatero. "Ukalamba subwera ndi kalata."

Kamphepo anakhala ola lathunthu akuyang'ana makina amene sanawayatse. Madala atanyamula chikwama, anawagwira mkono n'kuwapempha kuti adikire kaye. Anakweranso masitepe aja. Anaima kawiri, ndipo ulendo uno sanatulutse foni.

Analowa osagogoda.

"Adokotala, Madala sanalakwitse. 41 ndine."

Adokotala anamuyang'ana nthawi yaitali, osati kumaso kokha ayi, komanso pakhosi pamene mtsempha unkagunda, ndi mapewa amene ankakwera n'kutsika. Anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Zayamba liti?"

"Chaka chatha. Ndinkati ndi kunenepa."

"Munkati, kapena munkafuna kuti kukhale kunenepa?"

 Adokotala anamukhazika Kamphepo pampando n'kumuuza kuti asadziweruze msanga. Timafuta timeneti akadali kutifufuza, si muyeso wa matenda, ndipo timatha kukwera pa zifukwa zina. Chimene chinganene zoona ndi kuunika mtima, ndipo aunika lero lomwe. Za bodza la pa fomu adzakambirana tsiku lina.

M'chipinda chounikira anamugoneka chammbali n'kumupaka mafuta ozizira pachifuwa. Wounika anali mnzake wodyera limodzi masana. Anayamba ndi nthabwala zakuti lero aona amene amabisidwa mumtimamo. Kenako nthabwala zinatha. Ankangobwereza malo amodzimodzi, kukanikiza, kujambula, kukanikizanso. Kamphepo ankamva mtima wake ukulira m'makinamo ngati munthu wopalasa madzi m'chidebe.

"Ndiuze," anatero Kamphepo.

"Ndikaitane adokotala kaye."

Mbali yakumanja ya mtima inali itakula. Patatha sabata anamulowetsa kapaipi kakang'ono kudzera mumtsempha wa pakhosi kuti ayeze mphamvu ya magazi m'mapapo mwenimwenimo, ndipo zinatsimikizika. Anamuyambitsa mankhwala. Anamuuza mosabisa kuti sachiza, koma amachepetsa katundu wa mtima, ndiponso kuti ambiri amafika mochedwa kuposa iye.

Adokotala anapepesa kwa Madala pamaso pa onse. Madalawo anatha masiku awiri osamuyankhula Kamphepo. Tsiku lachitatu anamufunsa ngati akanangowasiya apite akanakhala kuti sananyamule chikwama pamaso pake. Iye anayankha kuti sakudziwa. Madala anagwedeza mutu n'kunena kuti bola wanena zoona.

Chinatsala chinali chimene adokotala anaumirira: matendawa nthawi zina amayenda m'banja. Loweruka masana Kamphepo anaimbira mng'ono wake, wosoka zovala, n'kumuuza zonse, ndi kuti nayenso akaunikidwe. Mng'onoyo anaseka n'kunena kuti ali ndi madiresi asanu ndi limodzi oti amalize, alibe nthawi yodwala. Kenako makina osokera amene ankamveka pafoni anasiya kulira.

"Akulu, kodi inunso mumamva chizungulire mukawerama kutola chinthu?"

Kamphepo anatseka maso. Anamuuza kuti Lolemba asatsegule shopu, adzamutenga yekha seveni koloko, ndipo madiresiwo eni ake adikira.