Nthutumba ya Bambo a Joy

"Ine m'menemo sindilowa," anatero a Teleza ataima pakhonde la lesitilanti ya Daisy, chitenje atachikokera kumutu. "Mbale yanga mundibweretsere pompano."

Fainess anayang'ana kumwamba. Chiperoni chinali chitayamba kuwaza, minda ya tiyi kutsidya kwa msewu itamira m'nkhungu. Amayi akewo anali atachokera ku Changata m'mawa womwewo, atatchena diresi ya kutchalitchi, ndipo chowaimika panja chinali chimodzi basi: m'katimo munali mkamwini wawo.

Chikwatirireni Fainess, Lackson anali asanayang'anepo apongozi ake kumaso, ngakhale kudya nawo pamalo amodzi. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'tiyi kuti mnzake adutse. Mawu onse ankadzera mwa Fainess, "uwauze kuti denga likudontha," "uwauze kuti ndidzafolera Loweruka," anthu ali pabwalo limodzi, akumvana bwinobwino. Sikuti ankadana ayi, unali ulemu wa makolo. Koma ulemuwo unkamutopetsa Fainess, ndipo tsiku limeneli unatsala pang'ono kuliza mwana. Joy, mwana wawo woyamba, anali atasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Ankanyamuka mawa lake, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti abale onse akadye mulesitilanti, agogo ake ndi abambo ake ali pomwepo.

Lackson anafika pakhomo cham'mbali, maso ali kudenga. "Fainess, uwauze amayi alowe. Panja ndikhala ine."

"Uwauze kuti iwo ndiwo eni phwando," anayankha a Teleza akuyang'ana kumsewu.

"Ndiye ine ndidyera pakhomo pano," anatero Joy. "Mwendo wina kwa ababa, wina kwa anganga."

Apo ndipo analowererapo Bizwick, mchimwene wa Fainess, woyendetsa thirakitala pa esiteti, munthu amene sanasowepo pulani ngakhale yolakwika. Anakoka matebulo, anasuntha mabenchi, nakhazika amayi ake pakona moyang'ana kukhoma. Mlamu wake anamuika patebulo lina kumbuyo kwawo.

"Basi! Mayi azicheza ndi khoma, alamu azicheza ndi mbale. Pali wolakwira mwambo apa?"

Anaiwala kuyang'ana khomalo. Daisy anali atapachikapo chigalasi chachikulu chimene anagula kwa wometa tsitsi wina atatseka shopu yake. Fainess anachiona, koma anangoluma mlomo. Lackson anali atawerama kale ngati ali m'pemphero, ndipo anali wosadzutsa mutu msanga.

Chakudya chitafika, m'chipindamo munadzaza phokoso. Mpunga, chipisi, kabichi, nkhuku, mabotolo a Fanta akuchita thukuta. Ana a Bizwick analimbana ndi mafoloko mpaka nthuli ina inaulukira pansi, mphaka wa Daisy n'kuthokoza. Azakhali a Joy anayamba malangizo a kusukulu ali ndi fupa m'kamwa, osamveka kanthu, koma aliyense ankavomera.

"Mwana wanga," a Teleza anaitana Daisy, "nkhuku iyi inayendapo pansi, kapena ndi zija zokulira m'magetsi?"

"Ya lokolo yeniyeni, mayi. Dzulo lomweli imathamangitsa ziwala."

"N'zoona. Ikuthamangabe," anatero a Teleza akuikoka ndi mano awo ochepawo, ndipo chipinda chonse chinafa nacho chiseko.

Fainess anali asanakhale pansi. Ankayenda pakati pa matebulo awiriwo monga mwa masiku onse, uku apititse mchere, uku apititse uthenga, mpunga wake ukuzizira pakauntala. Akudutsa kumbuyo kwa amayi ake, anaona kuti asiya kutafuna. Maso awo anali m'galasi.

M'galasimo Lackson ankasadzula chidali cha nkhuku yake. Ankachotsa khungu, kung'amba nyamayo ting'onoting'ono, kuika pasosala, kuthirapo msuzi. M'mbale mwake munatsala mafupa ndi kabichi. Kenako anakodola Joy n'kumunong'oneza.

Joy anabwera ndi sosala ija. "Anganga, amayi akuti mudye iyi, ndi yofewa."

"Amako atero?"

"Eee."

"Amako awa aima kumbuyo kwangawa, manja ali ndi mchere?"

Joy anayang'ana pansi. A Teleza sanatembenuke, anangofuna maso a Fainess m'galasi momwemo.

"Fainess, nyama yosadzula ija umandibweretsera pa Khirisimasi, ndi ija ya chaka chomwe ndinadwala, inkachokera m'mbale ya ndani?"

Fainess anamva misozi ikubwera, ya manyazi ndi ya chimwemwe pamodzi. "Ya eni ake omwewo, mayi. Ankandiletsa kunena."

A Teleza anayang'ana sosala ija. Kenako anagogoda tebulo ndi supuni.

"Daisy! Nthutumba ya nkhuku imeneyi ili kuti?"

"Iii, mayi, imene ija ndimasungira abambo akunyumba."

"Lero adya khosi. Bwera nayo."

Aliyense wa m'banjamo ankadziwa kuti kwa a Teleza nthutumba inkadyedwa ndi bambo wa pakhomo, ndipo chimwalirireni amuna awo sankapatsa munthu, ankangoidulira ana. Daisy atafika nayo pakambale, Bizwick anapukuta manja pathalauza n'kutambasula dzanja.

"Mayi andikumbukira lero! Ndinadziwa ine kuti tsiku lidzafika."

Anangomva supuni pa zala, khwaa! Kenako mpando unakhuluzika pasimenti. A Teleza anali kuutembenuza, pang'onopang'ono, mpaka unayang'ana kumene unali usanayang'anepo. Mafoloko onse anaima.

"Bambo a Joy."

Lackson anatsamwa ndi mpunga. Anayang'ana Fainess mopempha thandizo, ndipo Fainess mwachizolowezi anayamba, "Akuti..."

"Sindinakutume," anamudula amayi ake. "Bambo a Joy, dzutsani mutu. Mwandidyetsa mobisa zaka zonsezi. Ine ndikudyetsani anthu akuona. Landirani."

Lackson anatsika pabenchi, anagwada, nalandira kambaleko ndi manja awiri. Atakweza nkhope, a Teleza anamuyang'anitsitsa kuyambira kuchibwano mpaka kumutu, kenako anaomba m'manja.

"Mayo ine! Ndinapereka mwana wanga kwa mnyamata, kani ndi mdala wa imvi!"

Chiseko chake chinafika mpaka kukhitchini. Azakhali analuluta, Daisy anakweza wailesi, Bizwick akudandaulabe za zala zake anakankha matebulo awiri aja n'kukhala limodzi. Joy anathamanga kukhala pakati pa agogo ake ndi abambo ake, akuseka, misozi ikugwera mu Fanta.

Fainess anatenga mbale yake pakauntala n'kukhala pansi. Mpunga unali utazizira, koma sanafune kuti autenthetse. Lackson anatafuna nthutumba ija mwaulemu, anameza, nawerameranso kwa mkazi wake.

"Fainess, uwauze amayi kuti zikomo kwambiri."

"Auzeni nokha," anatero Fainess akutapa mpunga. "Ine ndikudya."