Pansi pa Desiki ya a Newton

Phoebe amapuma tsiku limodzi pa sabata, Lachitatu, ndipo Lachitatu limeneli ankafuna kuchapa ndi kugona basi. Koma mwana wake Faith anali atapeza ntchito pa foni. Akuti kampani yonyamula katundu ku Wadeville, ya antchito makumi anayi, ikufuna mtsikana wa mu ofesi. Abwana ake, a Newton, anati angobwera ndi pasipoti.

"Pasipotiyo akufuna aione kapena aisunge?"

"Aisunga masiku atatu okha, amayi, akonzere mapepala."

Phoebe anavala nsapato. Mu pasipoti imeneyo ndi mmene munali chilolezo cha Faith chokhalira mu Joni muno, ndipo Phoebe anachiyendera chaka chathunthu.

"Koma musakandichititse manyazi," anatero Faith ali mu tekisi yochokera ku Thokoza.

Ofesiyo inali kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. A Newton anali mu suti, pefyumu wawo wotsamwitsa. Atamva Chichewa anatambasula manja.

"Akwathu! Khalani, mama, khalani."

Kenaka anayamba kugogoda kompyuta ndi zala zonse, uku akugwedeza mutu. "Eya. Faith, dzina lako lalowa kale."

Faith anapereka pasipoti, iwo n'kuitsamira ndi chigongono.

Phoebe wakhala akukolopa maofesi a ku Germiston zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo amadziwa kuti abwana amanama koma pansi sipanama. Anasuzumira m'bini. Munalibe ngakhale khoko la nthochi. Pa shelefu panali kapu imodzi. Anthu makumi anayi, kapu imodzi? Tiyi amamwera m'manja?

"Antchito enawo ali kuti, bambo?"

"Apita ku lanchi."

"Naini koloko mamawa?"

"Kuno timalawirira, mama."

Faith anamuponda phazi. Phoebe sanamuyang'ane n'komwe, maso ake anali pa tsache limene linali pakona.

"Ndikusesereni pang'ono, mwana wanga asayambire ntchito m'fumbi."

"Ayi mama, tili naye wotisesera."

"Mumuchotse ntchito ameneyo."

Anakankha desiki ndi chiuno monga amachitira tsiku lililonse, a Newton n'kuitsatira ndi mpando, chigongono chidakali pa pasipoti. Pansi pake panali waya wa kompyuta atadzipinda ngati njoka yakufa, kangaude atamangapo nyumba. Khoma lonselo linalibe polowetsa magetsi. Phoebe anatola pulagi ya wayayo n'kuikweza m'mwamba.

"Bambo, kompyuta yanuyi imayendera mapemphero?"

"Ndi zamakono izi, mama. Simungazimvetse."

Faith anazungulira desiki kuti aone yekha. Galasi la kompyuta linali bii. Anangoonamo nkhope yake yomwe, kukamwa kuli yasa.

"Dzina langa lili pati, abwana?"

"Eish, yangozima pompano."

"Bweretsani pasipoti," anatero Phoebe.

"Yalowa kale m'ndondomeko ya kampani. Mubwere Loweruka."

Phoebe anakaima pakhomo, tsache lili m'manja. Sanakweze mawu, analibe mphamvu zotayira munthu wotere.

"Panjapa pali azibambo asanu owotcherera zitsulo. Awiri timapemphera nawo ku Elsburg. Ndiwaitane adzaone kompyuta ya zozizwitsayi? Abwera ndi nyundo zawo, sakonda kuzisiya."

A Newton anayang'ana windo. Linali ndi zitsulo. Anadzutsa chigongono pang'onopang'ono n'kukankha pasipoti ija ndi chala chimodzi. Phoebe anaitsegula, anaona kuti chilolezo chilimo, ndipo anaiponya m'kamisolo.

"Tiyeni tizipita, amayi," ananong'ona Faith, misozi ili lengelenge.

"Dikira. Ine sindisiya pansi posesa theka."

Anasesa mpaka anafika pa mpando wa abwana.

"Mapazi, bambo."

A Newton anakweza mapazi.