Kakapu ka Feteleza m'Galimoto ya a Lemani

Galimoto ya malemu a Lemani inayamba kutsokomola Lachiwiri, mwambo woonetsa chiliza chawo uli Loweruka lomwelo.

Mkazi wawo, mayi Feggie, anaimva akuchokera kuchigafa kukaona fodya. Akaponda moto inkanjenjemera, kudumphadumpha, kenako n'kuzima pakati pa msewu. Mawu a mlamu wawo, a Ernest, anali akadali m'khutu.

"Alamu, galimoto si njinga," anatero a Ernest mwezi wathawo. "Ikafika bwinobwino kwathu ku Chamama pa tsiku la chiliza, ine ndilibe mawu. Ikakanika, achibale tagwirizana kuti ndiisunge ine isanawonongekeretu."

Kusunga kwakeko tonse timakudziwa. Chinthu chikapita kukasungidwa kwa achibale a mwamuna, mumadzachiona chikudutsa pamsewu basi.

Galimotoyo a Lemani anaigula chaka chimene fodya anayenda bwino ku okushoni. Inali yogwirapo kale ntchito, koma ya tebo, kachipangizo kopopera mpweya mu injini kuti yaing'ono ikoke ngati yaikulu. Injini yotere njosankha. Ikamwa petulo wofooka, makamaka wa m'zigubu uja timagula mafuta akasowa, imagogoda m'kati ngati misomali m'chitini. N'chifukwa chake a Lemani ankagula timabotolo ta mankhwala owonjezera mphamvu ya petulo. Mayi Feggie anawaonapo kangapo ali pakhonde: bamboyo akadzaza thanki, ankakhuthuliramo botolo lonse, n'kuisisita galimotoyo padenga.

Bamboyo atamwalira, mayi Feggie anaphunzira kuyendetsa ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, anthu a kwawo ku Santhe akuwaseka. Mpando sanausunthe ngakhale pang'ono. Unakhala patali pomwe miyendo italiitali ya a Lemani inausiya, iwo n'kumaika pilo kumsana kuti afikire mapedulo. Kabokosi ka kutsogolo kosungiramo mapepala sanakatsegulepo. Munali mwa amuna awo, ndipo ankaopa kuti akatsegula fungo lawo lithawa.

Botolo lija sankaliiwala. Koma iwo thanki sankadzaza ayi. Ankagula malita asanu, mwina khumi, n'kukhuthuliramo botolo lathunthu monga anaonera. Galimoto itayamba kutsokomola anaganiza ngati mlimi aliyense wa fodya: mbewu ikafooka umaiwonjezera feteleza. Lachitatu anathira mabotolo awiri. Lachinayi m'mawa galimoto inakaniratu kulira.

Anatumiza uthenga kwa a Haidari, makaniko wa pa Santhe, yemwe ankakonza galimotoyo a Lemani ali moyo. Anabwera pa njinga yamoto, natsegula boneti, n'kuzula mapulagi anayi aja oyatsa moto mu injini. Anawayala pa nsanza. Onse anali ofiira mwa njerwa.

"Mayi, mankhwala aja mukuthira bwanji?"

Mayi Feggie anafotokoza mosabisa, mpaka za mabotolo awiri a dzulo lake.

A Haidari anagwira pakamwa kuti asaseke, koma mapewa anawaulula. "Botolo limodzi ndi la thanki yodzaza, malita makumi asanu ndi limodzi. Inu mwaipatsa chakudya cha mwezi wonse pa tsiku limodzi. Zotsalira zake n'zimene zamata pamapulagipa, moto sukuyaka. Si inu nomwe mumati feteleza akachuluka amawotcha fodya?"

Manyazi anawagwira mayi Feggie, kenako mantha. "Ndiye kuti ndaipha ndi manja angawa?"

"Ayi, siinafe. Mapulagi ena ndili nawo, petulo ali m'thankiyu timuchotsa. Komatu malemu anali ndi kamuyeso kawo ka masiku ogula pang'ono. Simunakaone? Ankasunga umu."

Asanawaletse, a Haidari anali atatsegula kale kabokosi kaja. Munatuluka fungo la fodya wouma ndi sopo wometera ndevu. M'katimo munali kakapu kapulasitiki koyezera feteleza, kofanana ndi tomwe timagwiritsa ntchito pa phando lililonse la fodya, katakulungidwa m'pepala ndi kumangidwa ndi mphira.

A Haidari anaona kuti papepalapo palembedwa. Anawapatsa mayi Feggie osawerenga, n'kubwerera ku injini.

Zilembo zake zinali zonjenjemera, za miyezi yomaliza ija a Lemani ankalephera ngakhale kugwira khasu.

"Amake Diana, ndikudziwa kuti mudzaiyendetsa ndithu, inu simumva. Kakapu kamodzi pa malita asanu. Ngati petulo ndi wa pa pampu ndipo sikugogoda, musathire n'komwe. Musachulutse monga muchitira ndi shuga m'tiyi wanga. Mpando muusendeze kutsogolo, kachitsulo kake kali pansi kudzanja lamanja."

Mayi Feggie anakhala pansi pa dothi pomwepo. Anaseka, misozi ikutsika. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ankawathirira bamboyo masupuni anayi a shuga m'mawa uliwonse, poganiza kuti ndi mmene amakondera. Bamboyo ankamwa mpaka kapu kuuma, n'kuthokoza. Sananenepo kanthu ngakhale tsiku limodzi.

"Munthu ameneyu," anatero chapansipansi, "bwanji osandiuza?"

A Haidari anayankha mutu uli mu injini. "Ine anandiuzapo. Ankati akanena musiya, ndiye iwo sankafuna kuti musiye."

Loweruka m'mawa mayi Feggie anathira malita makumi awiri a petulo wa m'chigubu, poti pa pampu panalibe. Anayeza timakapu tinayi, mosamala ngati akuthira fodya wa kunazale. Kenako anachotsa pilo uja, napisa dzanja pansi pa mpando. Kachitsulo kanali pomwe ananena. Mpando unasendera kutsogolo, mapazi awo n'kufika pamapedulo bwinobwino kwa nthawi yoyamba.

Galimoto inadutsa minda yokololedwa kale ndi zigafa zodzaza, inadutsa pa boma, n'kukhotera msewu wa ku Chamama osatsokomola ngakhale kamodzi.

A Ernest anaichingamira pabwalo. Anaizungulira, naweramira pa boneti kumvetsera injini nthawi yaitali. Anasuzumira m'kati, n'kuona mpando wa mkulu wawo uli pafupi ndi chiwongolero.

"Mwausuntha," anatero.

"Andiuza eni ake," anayankha mayi Feggie, n'kuwapatsa pepala lija.

A Ernest anawerenga kawiri. Anavula chipewa, napukuta m'maso ndi chala, n'kubweza pepalalo ndi manja awiri.

"Ikaimikeni pamthunzi apo, alamu. Musachedwe kunyamuka madzulo, msewu wa ku Santhe ngwautali."

Mwambo utatha, atsikana anabweretsa tiyi. Mayi Feggie anathira supuni imodzi ya shuga m'kapu mwawo, n'kulawa. Anayang'ana kumanda kumene chiliza chatsopano chinkawala, nawonjezera masupuni atatu.