Makoko a Popi m'Chikwama cha Agatha

Agatha Kachingwe anali mayi woti akangokhala chete pang'ono, anthu amafunsana ngati kwagwa zovuta. Ndiye chifuwa chinamugwira Lachiwiri, pamene Loweruka mwana wake Thelma amamanga ukwati ku Ongar, dera lina la ku Dublin. Nyimbo yolowetsera mkwatibwi anali ataikaniza kwaya yonse, ati aimba yekha poti mwanayo anabereka ndi iye. Tsopano akati ayese, mawu ankatuluka osasa ngati a tambala wongophunzira kulira. Mtima unamuwawa kwambiri.

Ntchito yake inali yosamalira bambo Leung ku Rathmines, ku Dublin komweko, nkhalamba yochokera ku Hong Kong yomwe kale inkagulitsa mankhwala azitsamba. Kuseri kwa nyumba yawo kunkamera maluwa a popi, ndipo akafota ankasiya timitu touma tokhala ndi njere m'kati. Tsiku lina bambowo anali atatchulapo kuti kwawo makoko a timitu timeneti ankaletsera chifuwa chokanika. Zina zomwe ananena tsikulo Agatha sanazimve, paja nayenso anali akuyankhula.

Kwawo ku Ntcheu, ukamva kuti chomera chakuti chimachiza, sufunsa zambiri. Umathyola, n'kuwiritsa mumphika, n'kumwa kapu yodzaza. Choncho Lachitatu masana, akukaanika matawulo, anathyola timitu tokwana manja awiri n'kuponya m'chikwama.

Chikwamacho n'chimene chinamuulula. Akudutsa pabalaza, njere zija zinkangoti tseketseke pa sitepe iliyonse. Bambo Leung, omwe belu la pakhomo samalimva, izi anazimva bwinobwino. Anamuuza akhuthule patebulo, ndipo ataona anaseka mpaka misozi.

"Mayi, mukamwa zimenezi mwana wanu adzalowa m'tchalitchi inu mukuliza mkonono pa benchi," anatero.

Kenako anasiya kuseka. Anafotokoza kuti makoko amenewa sachiza chifuwa, amangochitsekera m'kati, ndipo amakola munthu mpaka osathanso kukhala popanda iwo. Agogo awo ankawasunga m'kabati yokiya, n'kumayeza pa sikelo yaing'ono ngati akuyeza golide, osati kapu yodzaza. Iwo eni, chibwerere ku Dublin, sanapatsepo munthu. Agatha anagwidwa manyazi, ndi mantha omwe.

Mankhwala amene bambo Leung anamulembera anali madzi ofunda a uchi ndi jinja, kukaonana ndi adokotala chifuwa chikakula, ndiponso kutseka pakamwa masiku atatu. Agatha anayamba kudandaula kuti zimenezo n'zosatheka pa sabata ya ukwati. Bambowo anangokweza chala, n'kunena kuti masikuwo ayamba kale.

Abale, uchi anamwa mosavuta, koma enawo anali mankhwala owawa. Komiti ya ukwati inasintha mtundu wa maluwa iye ali pomwepo, n'kungomeza malovu. Mlamu wake anathira mchere wambiri mu nkhuku zoyeserera, iye n'kungoloza ndi chala. M'basi anakumana ndi mnzake wakumudzi yemwe anali ndi nkhani yotentha, koma anangogwedeza mutu mpaka potsikira.

"Mami, muli okay?" Thelma anafunsa Lachisanu. "Nyumba ili quiet ngati mwapita ku holiday."

Agatha anamuyang'ana ndi diso loti tidzakambirana Lamlungu.

Loweruka, chitseko cha tchalitchi chitatseguka, Thelma anaima pakhomo atavala zoyera. Agatha anapuma mozama n'kuyamba nyimbo ija. Mawu anatuluka, oyera bwino, n'kudzaza tchalitchi chonse, ndipo amayi akumbuyo analephera kudikira, nthungululu zinayambira pomwepo. Mkwatibwi anayenda akulira, akuyang'ana mayi ake.

Pa ndime yachiwiri Agatha anamva kaphokoso kachilendo kumbali kwa kwaya. Anali bambo Leung pa njinga yawo ya olumala, atavala suti yakalekale, m'manja atagwira timitu titatu ta popi tomanga ndi ulusi. Ankatigwedeza ngati maseche, ndi mtima wonse, mosemphana ndi ng'oma. Pa moyo wake wonse Agatha anali asanalekererepo munthu wosokoneza nyimbo, koma tsiku limenelo anachepetsa liwiro kuti agwirizane nawo.